Kabotolo ka Mchere pa Dzina la Jesinta

Jesinta anali pakati pa munda wa fodya, akuthyola masamba a m'munsi, pamene foni inanjenjemera m'chiuno momwe anaimangirira ndi chitenje. Anapukuta manja ake akuda ndi utomoni wa fodya n'kuitulutsa. M'mawa wa tsikulo anali atalemba pagulu la WhatsApp la amayi a pakomboni kuti Loweruka, pamwambo wovundukula chiliza cha apongozi ake aamuna, adzabwera ndi poto wake wamkulu komanso mtolo wa nkhuni. Tsopano yankho linali litafika kuchokera kwa Esinati, mlongo wamkulu wa mwamuna wake. Munalibe mawu. Munali kachithunzi kamodzi basi: 🧂

Anakayang'ana nthawi yaitali, mpaka thukuta linadontha pagalasi la foni.

Kachithunzi kameneka, kabotolo ka mchere kobooledwa pachivundikiro, kanali kodziwika pakomboni ya famu imeneyo, kuseri kwa katauni ka Concession, ngakhale kuti panalibe nyumba ndi imodzi yomwe imene inali ndi kabotolo kotero. Mchere wa pakomboni umakhala m'chitini chakale cha jamu ndipo amautapa ndi zala. Koma amayi anakapezera ntchito. Makolo awo, pochoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu a kuno, anataya zambiri m'njira, koma mwambo wa mchere anafika nawo wathunthu: mkazi amene ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Kale, pophikira anthu ambiri pamaliro kapena paukwati, mkazi wotere ankachita kumunong'oneza mnzake. Mafoni atabwera, zinthu zinaphweka. Munthu ankangotumiza kabotoloko pagulu, anzake n'kudziwa kuti lero uyu aduladula kabichi ndi kutsuka mbale, koma kuchitini asayandikireko. Palibe ankafunsa, palibe ankaseka.

Koma kabotolo munthu amadzitumizira yekha. Kukaika pansi pa uthenga wa mnzako ndiko kumunena. Pajatu pali mkazi winanso amene saloledwa kugwira mchere, ndiye amene wagona ndi mwamuna wa kunja. Amati wotereyo akathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amadwala mdulo: miyendo imatupa, chifuwa chimabanika, munthu n'kumapita anthu akuona. Ndipo panalibe amene sanaone mmene Mcloud, mwamuna wa Jesinta, ankayendera masiku amenewo, akukoka mapazi ngati akuyenda m'matope.

Amayi a pakomboni akagwirizana pa munthu sachedwa. Kuwasonkhanitsa kuti akasese kutchalitchi n'chintchito, koma dzuwa lisanafike pamutu timabotolo tinali titandandalikana pansi pa dzina la Jesinta. Tina tinachokera kwa akazi amene iye anawatungirapo madzi ali pachikuta.

"Mai Talent, mwaziona za pagulu?" anafunsa Shylet, mnzake amene ankathyola mzere woyandikana naye. Talent anali mwana wa Jesinta, amene ankakhala kwa achibale ku Chinhoyi chifukwa cha sukulu.

"Ndaziona."

"Ndiye muyankhe, nhai. Mukangoti zii, aziti n'zoona."

"Ndiyankhe ndi chiyani? Kachithunzi ka mbuzi?"

Shylet anafuna kuseka koma kuseka kunakana. Anayandikira n'kutsitsa mawu. "Ine sindinatumize, shamwari. Koma nanunso! Akuti ndiwo za kwanu zilibe mchere kuyambira Khirisimasi isanafike. Akuti mwezi uliwonse mumakwera kutsogolo kwa lole ya Darlington, dalaivala uja, kupita ku Concession. N'chiyani kwenikweni?"

Jesinta anawerama n'kuthyola tsamba lina, mwaukali moti linang'ambika pakati.

Zonse zimene Shylet ananena zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinkapweteka. Mvula isanayambe, Mcloud anakomoka kuseri kwa nyumba, Jesinta n'kupita naye kuchipatala mwakachetechete. Adokotala anati mtima wake watupa ndipo sukupopa bwino magazi, n'chifukwa chake madzi akudzaza m'miyendo. Anamulembera mapiritsi oti azikatenga mwezi ndi mwezi, anamuletsa mchere, ndipo anamuletsanso ntchito ya pamoto. Koma ntchito ya Mcloud inali yomweyo ya pamoto, yosonkhezera ng'anjo za mabalani owotchera fodya. Ndipo chichokereni azungu, mwini famu watsopano, amene ankakhala ku Harare, anaika lamulo lakuti nyumba ya pakomboni ndi ya munthu wolembedwa ntchito amene ali ndi mphamvu zoigwira. Jesinta sanali wolembedwa, ankangogwira maganyu a nyengo ya fodya. Chaka chapitacho mkulu wina wa nyumba yoyandikana nayo atafa ziwalo, katundu wake anatulutsidwa panja mabalani asanazime.

Anthu ena akachotsedwa ntchito amapita kumudzi. A pakomboni kumudzi kwawo ndi komboni yomweyo. Ku Malawi ankangokumva m'kamwa mwa agogo awo.

Choncho pochokera kuchipatala, Mcloud anamugwira mkazi wake dzanja n'kumulumbiritsa kuti asauze munthu, ngakhale Esinati. Jesinta analumbira. Anabisa chitini cha mchere pamwamba pa khoma, n'kuyamba kudya naye limodzi ndiwo zozizira m'kamwa kuti mwamunayo asamadye yekha ngati wandende. Tsiku lina Mcloud anaiwala, kapena anachita dala, n'kudya matemba a mchere ndi anzake kubalani. Masiku otsatira ankagona chokhala, atatsamira khoma, mpweya ukutuluka ngati wa mpope wobooka. Kuyambira pamenepo Jesinta sanalolenso ngakhale kambewu kamodzi ka mchere m'mbale yake.

Esinati anabwera kudzacheza n'kulawa ndiwozo. Anabweranso ulendo wina, n'kulawanso. Kenako anaika zinthu pamodzi monga mmene mwana aliyense wa pakomboni akanaziikira: mkazi sakhala kumwezi miyezi yonseyi. Ngati wasiya mchere, ndiye kuti akudziwa chimene wachita, ndipo wasiya mochedwa, atamudula kale mwamuna wake.

Ataweruka madzulo a tsikulo, Jesinta anapeza Mcloud atakhala pakhonde, akulimbana ndi jombo imene inkakana kuvuka. Anagwada n'kuikoka yekha mpaka inatuluka. Kenako anamuika foni m'manja.

"Werengani."

"Ndiwerenge chiyani? Palibe mawu apa."

"Musadzipusitse, Baba Talent. Nanunso munabadwira pakomboni pano."

Mcloud anayang'ana timabotolo tija, n'kuika foni pansi chadodolido. Anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa, ndipo kufatsa kumeneko n'kumene Jesinta anamukondera ali mtsikana. Tsiku limenelo kunamunyansa.

"Atopa okha," anatero Mcloud. "Fodya akangotha kuwotchedwa ndipempha ntchito yopepuka, yosankha masamba kushedi. Ndikakhazikika kumeneko ndiwauza asisi Esinati zonse. Pirira pang'ono, Jesinta."

"Dzina langa lidikire fodya?"

"Dzina silivumbwa ndi mvula. Ife tikatulutsidwa m'nyumba muno tivumbwa."

Jesinta asanayankhe, kunamveka odi. Anali Esinati, wamtali, wowongoka ngati mzati, atafumbata kanthu kokulunga m'pepala la pulasitiki. Anakana mpando.

"Muroora, sindinabwere kudzakangana," anatero, pogwiritsa ntchito mawu amene anthu a kuno amaitanira mkazi wokwatiwa pabanja pawo. "Loweruka m'mawa, tisanapite kumanda, udzagwada pamaso pa ife amayi akuluakulu n'kutchula dzina la mwamunayo. Ukatero udzasungunula mankhwala awa, umumwetse mlongo wanga ndi dzanja lako. Achira. Ukakana, longedza, upite kwa amene amakusungira malo kutsogolo kwa lole."

"Atete, zaka zonse ndakhala m'nyumba muno, munandionapo ndi ndani?" anafunsa Jesinta, pomuitana monga mmene kuno amaitanira mlongo wa mwamuna wako.

"Ndinalawa ndiwo zako. Lilime langa silinama."

Jesinta anatembenukira kwa mwamuna wake. Mawu ochepa okha akanakwana. Mcloud anali akuyang'ana mapazi ake, ngati akuwaona koyamba.

"Asisi, zisiyeni izi," anatero. Basi.

"Ndizisiye?" anatero Esinati. "Ndinakubereka kumsana ine, amayi ali kumunda wa mzungu. Amuna anga ndinaika, bambo ndinaika. Iwe sindikuika ndikuona, wamva? Aiwa."

Misozi inali italengeza m'maso mwake, ndipo sinali yachinyengo. Chovuta chinali chimenecho. Mdani wodana nawe chabe n'ngosavuta, umangomutukwana n'kukagona. Koma uyu ankamenyera moyo wa munthu yemweyo amene Jesinta ankamumenyera.

Komabe Jesinta anatenga kapepala ka mankhwala kamene Esinati anamupatsa, n'kukabwezera m'dzanja la mwini wake, n'kumupinda zala.

"Mankhwala anu tengani, atete. Ine sindigwada."

Esinati atapita, m'nyumbamo munalibe kulankhulana. Jesinta anaphika ndiwo zake zopanda mchere, anaika mbale pansi mwamphamvu kuposa mmene zinafunikira, ndipo piritsi la mwamuna wake analipereka pa nthawi yake. Anali atakwiya kwambiri. Chimene chinamupweteka sichinali mawu a Esinati ayi, koma mutu wa Mcloud umene unali wowerama nthawi yonseyo.

Masiku otsatira, akafika pamjigo macheza ankaduka. Shylet anamulangiza kuti atuluke pagulu lija kuti mtima upume. Jesinta anakana. Pagulupo analowa yekha, ndipo sanaone chifukwa chothawira ngati wakuba. M'malo mwake analembanso kuti, "Loweruka ndibwera." Timabotolo tinagwa ngati matalala. Anationa tonse, kamodzikamodzi, n'kusunga mayina a otumiza mumtima.

Loweruka m'mawa amayi akuluakulu anamudikira kunyumba kwa Esinati, atayala mphasa yoti agwadepo. Sanapiteko. Analunjika kumanda, kumapeto kwa famu, pansi pa mitengo ya bulugamu, kumene kunagona anthu amene anabwera wapansi kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu ndipo sanabwererenso. Anaima pambali pa mwamuna wake pamene mkulu wa mpingo ankachotsa nsalu yoyera pachiliza. Anaimba nyimbo zonse mokweza, ndipo akazi amene anali pafupi naye anasendera kutali pang'ono.

Chakudya chinali pabwalo la Esinati. Poto wa Jesinta anamulandira, pakuti poto alibe mlandu, ndipo ndi mmene munkabwata nyama ya mbuzi ya anthu onse. Mwini poto anamuika kuseri kwa nyumba, pabeseni la mbale. Amuna anakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo pampando wokhawo wokhala ndi chotsamira panali Dickson, kapitawo wa pafamupo, mwana wa pakomboni yomweyo amene anakwera udindo. Ndiye ankagawa ntchito, ndiyenso ankasunga makiyi a nyumba zimene zatsala zopanda anthu.

Jesinta ankatsuka mbale akumvetsera. Anamva Esinati akunena kuti nyama yafewa, aitane mayi wina wachikulire adzathire mchere. Pamenepo anaimirira. Sanapukute ndi manja omwe. Anadutsa pakati pa amayi, madzi akudontha m'zala, n'kutola paketi ya mchere imene inali pamwala pafupi ndi moto. Anatapa dzanja lodzaza n'kuponya mu poto. Anatapanso. Anadziwa kuti wakwana, koma anakumbukira timabotolo tija, n'kutapanso kawiri konse. Anavundula ndi chipande, n'kulawa msuzi. Unali wowawa mchere ngati misozi, ndipo sanasinthe nkhope.

Amayi onse anatembenukira kupoto.

"Wathira!" anakuwa mayi wina. "Mwari wangu, wathira!"

Esinati anafika akuthamanga. "Wationongera nyama, iwe! Sunakhutire ndi mmodzi, ukufuna utidule tonse?"

"Poto ndi wanga," anatero Jesinta, mokweza kuti ndi amuna omwe amve. "Manja ndi anga. Bambo amene tawavundukulira chiliza lero ndinkawasambitsa ndine akudwala, ndipo ankadya mchere wa m'manja omwewa. Amene akuopa adye kabichi."

Ndipo anthu anadyadi kabichi. Mbale zinapita kwa amuna zili ndi sadza, nsima ya kuno, ndi masamba okhaokha, pamene fungo la nyama linali litadzaza bwalo lonse. Amuna ankatema sadza maso ali kupoto. Ena mwa iwo sankakhulupirira za mdulo, makamaka akakhala ndi njala, koma panalibe amene anafuna kukhala woyamba.

"Nhai, mbuzi ija yathawa?" anafunsa Dickson.

Kenako Mcloud analankhula ali pabenchi pomwe anakhala.

"Mai Talent, ndipakulire nyama imeneyo."

Aliyense pabwalopo anamva tanthauzo lake. Mwamuna amene wadya mchere wa mkazi wake pamaso pa anthu ndiye kuti wanena kuti samukayikira. Mtima wa Jesinta unadumpha ndi chimwemwe, chimwemwe chenicheni, chimene anali atachiiwala kukoma kwake. Anatenga mbale yabwino, anasankha nthuli zofewa, anathira msuzi wambiri. Anayenda pakati pa bwalo mutu uli m'mwamba, n'kukagwada pamaso pa mwamuna wake monga mkazi amachitira popereka chakudya.

Ali pafupi choncho m'pamene anaona zala zake. Zinali zotupa moti mphete inali italowa m'mnofu. Anamva mpweya wake ukulira pang'onopang'ono m'chifuwa, chonsecho munthuyo anali atangokhala. Anakumbukira matemba aja, ndi masiku ogona chotsamira khoma. Ndipo mu poto uja anali atathiramo mchere wa mkwiyo, woposa wa matemba kutalitali.

Pamenepo anazindikira chimene mwamuna wake wasankha. Mcloud anaona kuti kudya n'kosavuta kuposa kulankhula. Akadya, Esinati atseka pakamwa, Dickson sadziwa kanthu, nyumba itsala, ndipo dzina la Jesinta liyera dzuwa lisanalowe. Chimene chidzachitike m'chifuwa mwake mawa, adzachiona yekha ndi mkazi wake, chitseko chili chotseka.

Jesinta ankalifuna dzina lake. Ankalifuna kwambiri. Chofunika chinali kungokhala chete, manja ali pamaondo, n'kumusiya munthu adye. Ndipo akamuletsa, bwalo lonse liona mkazi amene waopa mchere wake womwe.

Mcloud anatema sadza, anaiumba, n'kuisunsa mumsuzi. Dzanja lili m'njira kupita kukamwa, Jesinta analigwira pamkono. Ndi dzanja linalo anachotsa mbale ija pamiyendo pake.

Bwalo linaphulika.

"Mwaona! Mwaona nonse!" Esinati ankakuwa akulira. "Waopa! Waulula yekha!"

"Jesinta," Mcloud ananong'ona, "ndisiye ndidye. Zithe."

"Sindifuna dzina loyera pamaliro anu," anatero Jesinta, motsitsa, kuti amve iye yekha.

Anaimirira ndi mbale ija n'kutembenukira anthu. Anawayang'ana onse, amayi a timabotolo, amuna a kabichi, Shylet amene anali atagwira pakamwa.

"Nenani zonse zimene mukufuna," anatero. "Tumizani zithunzi mpaka mafoni atenthe. Uyu sadya."

"Chifukwa chiyani sadya?" anafunsa mayi wina.

"Pakamwa ali napo mwini wake."

Atatero anakhala pansi pomwepo, pakati pa amuna, pamene mkazi sakhala, n'kuyamba kudya nyama ija. Mchere unkamuotcha lilime, atatha miyezi osaulawa, koma ankatafuna mosafulumira ngati ali kukhitchini kwake.

"Kamutulutsireni katundu," Esinati anauza akazi awiri amene anali naye pafupi. "Lero lomwe. Asagonenso m'nyumba ya mlongo wanga."

Akaziwo anayang'anizana, n'kuyamba kuyenda. Anali atafika pampanda pamene Mcloud anati, "Imani."

Sanakuwe, analibe mpweya wokuwira. Koma anaima. Mcloud anawerama movutikira n'kukwinya buluku mpaka m'bondo. Mwendo unali wonyezimira, wotupa ngati mtsamiro. Anadinikiza chala pamsongolo n'kuchichotsa, ndipo panatsala dzenje limene silinabwerere.

"A Dickson, onani bwino, kuti musadzamve kwa ena," anatero. Ankalankhula moduladula, akupuma pakati. "Mtima wanga watupa. Kuchipatala anandiletsa mchere. Anandiletsanso moto wa kubalani. Mkazi uyu amakwera lole kukanditengera mapiritsi. Ndiwo zopanda mchere amadya nane, chonsecho iye sakudwala. Ndinamulumbiritsa ndine kuti asanene. Ndimaopa kutaya nyumba."

Dickson anayang'ana mwendo uja, kenako anayang'ana mbale yake. Anaiika pansi n'kusamba m'manja, nthawi yaitali kuposa mmene kabichi amafunira.

"Lolemba ufike ku ofesi, Mcloud," anatero. Sanalankhule mwankhanza. "Ukudziwa kuti lamulo si langa."

"Ndikudziwa."

Esinati anali ataima pamalo amodzi, manja ali lende. "Bwanji sunandiuze ine?" anafunsa. "Ine, mlongo wako?"

"Mukanasunga, asisi?"

Esinati anayenda pang'onopang'ono kufika pamene Jesinta anakhala. Mkazi wamtali uja anaoneka ngati wafupika.

"Muroora..."

"Ndikudya, atete," anatero Jesinta osadzutsa mutu.

Ndipo anadya mpaka mbale inayera, anthu onse akumuyang'ana. Anapukuta msuzi wotsala ndi sadza, anasamba m'manja m'beseni la amuna, n'kuimirira. Anatsitsa buluku la mwamuna wake, anamugwira m'khwapa n'kumudzutsa. Za poto sananene kanthu. Ankadziwa kuti abwera yekha, wotsukidwa bwino kuposa kale.

Kuchokera kwa Esinati kupita kwawo kunali njira yachidule yodutsa kuseri kwa zimbudzi, imene Mcloud ankadzera masiku onsewo kuti anthu asaone mayendedwe ake. Anafuna kukhotera komweko. Jesinta anamukoka n'kulowa naye mumsewu waukulu wa pakati pa komboni.

Pamjigo Mcloud anaima kuti apume, atagwira chitsulo chopopera madzi.

"Nyumba ija yapita," anatero.

"Ipite."

"Ukunena ngati n'zophweka. Tikagona kuti? Talent akabwera patchuthi adzafikira kuti?"

"Hameno," anatero Jesinta. Sankadziwa, ndipo mantha anali nawo, akuluakulu. "Sindikudziwa, Baba Talent. Koma kulikonse kumene tikagone, ndikalowako ndi dzina langa, ndipo inu mukalowako ndi mapazi anu."

Mcloud anamuyang'ana. Kenako anasiya chitsulo chija n'kuika dzanja lake lolemera paphewa la mkazi wake. Anapitiriza ulendo dzuwa likuswa mtengo, pakati pa nyumba za eni ake, Jesinta akufupikitsa mapazi kuti agwirizane ndi a mwamuna wake.